Mmene Mungapezere Mtunda wa Pandege Pakati pa Matauni Awiri Aang'ono a Kumpoto Kwenikweni kwa Dziko Lapansi

Mayi wina amene timapemphera naye limodzi kuno ku Zomba anafika kunyumba kwanga ku Matawale madzulo ena ali ndi foni m'manja ndi kapepala kolembedwa manambala. Mwana wawo wamkazi, yemwe ndi namwino, akugwira ntchito ku Nome m'chigawo cha Alaska ku America, ndipo anali atawatumizira uthenga woti apita ku tauni ina yotchedwa Kotzebue pa ndege yaing'ono chifukwa pakati pa malo awiriwo palibe msewu. Mwanayo analemba kuti mtunda wake ndi mamailosi 184, koma mdzukulu wawo wa Fomu 4, atatenga manambala a pamapu n'kuwerengera, anapeza makilomita 410. Mayiwo anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, kodi awiriwa akunena chinthu chimodzi, kapena mwana wanga akundibisira kutalika kwa ulendowu kuti ndisade nkhawa?" Namwinoyo sanabise kanthu, ndipo mdzukuluyo sanalakwitse kuchulukitsa kapena kuwonkhetsa. Chimene anasiya ndi sitepe imodzi yokha, imene kwathu kuno munthu angathe kuiiwala osaona vuto lalikulu, koma imene kumpoto kwenikweni kwa dziko lapansi imasintha yankho lonse. Ndikufuna kufotokoza njira yonseyi mwadongosolo, kuti aliyense amene ali ndi kakyuleta ndi pepala athe kudzipezera yekha yankho lodalirika.

Mtunda wa pandege ndi mtunda wolunjika, wofupikitsitsa, umene ungayezedwe pamwamba pa dziko kuchoka pamalo amodzi kufika pena, osalabadira mapiri, mitsinje kapena nyanja zimene zili pakati. Aliyense amene anakwerapo phiri la Zomba pagalimoto akudziwa kusiyana kwake, chifukwa ukaima ku Ku Chawe umaona tauni ili pansi pomwepo ngati ungaiponyere mwala, pamene msewu wokafika kumeneko wakhotakhota kangapo m'mbali mwa phiri. Kumadera a kumpoto kwa Alaska ndi Canada nkhani imeneyi ndi yaikulu kuposa apa, popeza matauni ambiri alibe msewu n'komwe wowalumikiza ndi anzawo, ndipo ndege ndi imene imanyamula odwala, makalata, chakudya ndi ogwira ntchito chaka chonse.

Tsimikizani kaye kuti malo ndi omwewo

Musanagwire kakyuleta, onetsetsani kuti dzina limene mwalemba ndi la tauni imene mukufunadi. Mayina a kumpoto akhala akusintha pamene anthu a kumeneko akubwezeretsa mayina a m'zilankhulo zawo, monga momwe kwathu Fort Hill inasandukira Chitipa ndipo Fort Johnston inasanduka Mangochi. Tauni ya ku Alaska imene mapu akale amaitcha Barrow inakhala Utqiaġvik mu 2016, ndipo Frobisher Bay ya ku Canada inakhala Iqaluit mu 1987. Palinso mayina ofanana amene amasokoneza, monga Resolute ndi Fort Resolution, omwe ndi malo awiri otalikirana kwambiri ngakhale onse ali kumpoto kwa Canada. Njira yopewera chisokonezo chimenechi ndiyo kugwiritsa ntchito zilembo zitatu zimene bwalo lililonse la ndege zonyamula anthu limapatsidwa, zimene zimalembedwa pa tikiti ndi pa kapepala ka katundu. Chileka ndi BLZ, bwalo la Kamuzu ku Lilongwe ndi LLW, Karonga ndi KGJ, Nome ndi OME, Kotzebue ndi OTZ, Resolute ndi YRB, ndipo Grise Fiord ndi YGZ. Zilembo zimenezi nthawi zambiri sizisintha dzina la tauni likasintha, n'chifukwa chake Utqiaġvik idakali BRW ndipo Iqaluit idakali YFB. Ngati wachibale wanu wakutumizirani chithunzi cha tikiti, tengani zilembozo, musadalire dzina limene munalimva pafoni.

Pezani latitude ndi longitude, ndipo muzilembe bwino

Malo aliwonse padziko ali ndi manambala awiri. Latitude imanena kuti malowo ali madigiri angati kumpoto kapena kumwera kwa Ikweta, ndipo longitude imanena kuti ali madigiri angati kum'mawa kapena kumadzulo kwa mzere umene umadutsa ku Greenwich mumzinda wa London. Zomba ili pafupifupi madigiri 15.38 kumwera ndi 35.32 kum'mawa. Manambalawa mungawapeze mu atilasi ya kusukulu, kapena pa Google Maps mukadina ndi kugwiritsa chala pamalopo mpaka patatuluka chizindikiro chofiira.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amene ndawaphunzitsa amapunthwa koyamba. Manambalawa amalembedwa m'njira ziwiri, ina ya madigiri ndi maminiti, ina ya madigiri okhala ndi kadontho, ndipo digiri imodzi ili ndi maminiti 60, osati 100. Nome ili pa madigiri 64 ndi maminiti 30 kumpoto, ndipo kumeneko n'kunena kuti 64.50, chifukwa maminiti 30 ndi theka la digiri. Munthu akalemba 64.30 wasuntha tauni yonse ndi makilomita 22 asanayambe n'komwe kuwerengera. Lamulo lake ndi loti mugawe maminiti ndi 60, kenako muphatikize zimene mwapezazo ku madigiri. Kotzebue ili pa madigiri 66 ndi maminiti 54 kumpoto, choncho 54 kugawa ndi 60 ndi 0.90, ndipo mulembe 66.90. Chitani chimodzimodzi ndi longitude, ndipo mupeza kuti Nome ili pa 165.40 kumadzulo pamene Kotzebue ili pa 162.60 kumadzulo. Musaiwale kulemba mbali, kaya ndi kumpoto kapena kumwera, kum'mawa kapena kumadzulo, pambali pa nambala iliyonse.

Yesani kaye ndi kumpoto kwathu

Ndimakonda kuyamba ndi malo amene tonse tikuwadziwa, kuti yankho likatuluka tithe kuona ngati lili lomveka. Karonga ili pafupifupi pa 9.93 kumwera ndi 33.93 kum'mawa, ndipo Chitipa ili pafupifupi pa 9.70 kumwera ndi 33.27 kum'mawa. Chotsani latitude yaing'ono ku yaikulu, ndipo mupeza 0.23. Digiri imodzi ya latitude ndi makilomita pafupifupi 111.2 kulikonse padziko, kaya ku Karonga kaya ku Alaska, choncho 0.23 kuchulukitsa ndi 111.2 ndi makilomita pafupifupi 26. Umenewu ndi mtunda wa kumpoto ndi kumwera pakati pa matauni awiriwa.

Tsopano chotsani longitude yaing'ono ku yaikulu, ndipo mupeza 0.66. Mukachulukitsa ndi 111.2 mupeza makilomita 73.4, koma musaime pamenepo. Pezani latitude ya pakatikati pa malo awiriwa, yomwe ndi pafupifupi 9.8, kenako dinani batani lolembedwa cos pa kakyuleta n'kulemba 9.8. Yankho lake ndi 0.985, ndipo 73.4 kuchulukitsa ndi 0.985 ndi makilomita 72.3. Umenewu ndi mtunda weniweni wa kum'mawa ndi kumadzulo. Mukatero muli ndi mbali ziwiri za katatu, kachojambula ka makona atatu (triangle), kamene kali ndi ngodya yowongoka ya madigiri 90, ndipo mtunda wa pandege ndi mbali yachitatu, yaitali ija, imene timaipeza ndi lamulo la Pythagoras limene aliyense anakumana nalo ku sekondale. Chulukitsani nambala iliyonse ndi iyo yomwe, wonkhetsani mayankho awiriwo, kenako dinani batani la √. Mupeza makilomita pafupifupi 77. Msewu wa Karonga kupita ku Chitipa ndi wa makilomita pafupifupi 100, ndipo aliyense amene anaukwerapo akudziwa mmene umakwerera ndi kukhota kuchoka kunyanja kupita kumtunda, choncho yankho la 77 likugwirizana ndi zimene maso amaona.

Onani kuti mukadaiwala cos uja, mukadapeza makilomita pafupifupi 78 m'malo mwa 77. Kusiyana kwa kilomita imodzi palibe amene angakuzindikire, ndipo n'chifukwa chake ana athu amazolowera kulumpha sitepe imeneyi. Dziko lathu lili pafupi ndi Ikweta, choncho cholakwacho chimabisala.

Chifukwa chimene kumpoto kumasiyanira

Tengani nachesi n'kuisenda, ndipo muyang'ane zigawo zake. Chigawo chilichonse n'chotakata pakati, koma chimaning'a chikamayandikira kumwamba ndi kumunsi, mpaka zigawo zonse zikakumana pamfundo imodzi. Mizere ya longitude ili chimodzimodzi. Pa Ikweta mizere iwiri yotalikirana ndi digiri imodzi ili pa mtunda wa makilomita oposa pang'ono 111, koma mizereyo imayandikirana ikamapita kumpoto kapena kumwera mpaka ikakumane kunsonga kwa dziko. Kuno ku Zomba digiri imodzi ya longitude ndi makilomita pafupifupi 107. Pa latitude ya madigiri 60 yatsika kufika pa theka, makilomita 55.6, ndipo pa madigiri 75 yatsala makilomita pafupifupi 29 okha. Batani la cos likungokuuzani kuti chigawo cha nachesi chija chaning'a motani pamalo amene mwaima. Mizere ya latitude yokha siyandikirana, n'chifukwa chake mtunda wa kumpoto ndi kumwera sufuna kukonzedwa.

Tibwerere kwa namwino uja. Kusiyana kwa latitude pakati pa Nome ndi Kotzebue ndi 66.90 kuchotsapo 64.50, zomwe ndi 2.4, ndipo kuchulukitsa ndi 111.2 kumatipatsa makilomita 267. Kusiyana kwa longitude ndi 165.40 kuchotsapo 162.60, zomwe ndi 2.8, ndipo kuchulukitsa ndi 111.2 kumatipatsa makilomita 311. Mdzukulu uja anaima pamenepa, natenga 267 ndi 311 n'kuziika m'lamulo la Pythagoras, napeza 410. Koma latitude ya pakatikati ndi 65.7, ndipo cos ya 65.7 ndi 0.41, kutanthauza kuti digiri ya longitude kumeneko siikwana ngakhale theka la imene ili pa Ikweta. Makilomita 311 aja amatsika kufika pa 128. Mukatenga 267 ndi 128, kuchulukitsa iliyonse ndi iyo yomwe, kuwonkhetsa ndi kudina √, mupeza makilomita 296. Mtunda umene mnyamatayo anawonjezera popanda kudziwa unali wa makilomita 114, woposa msewu wonse wa Karonga kupita ku Chitipa.

Mukapita kumpoto kwambiri cholakwacho chimakula modabwitsa. Ku Nunavut, chigawo cha Canada chimene chinakhazikitsidwa mu 1999, kuli timatauni tiwiri, Resolute ndi Grise Fiord. Grise Fiord ndi mudzi wa anthu wamba umene uli kumpoto kwambiri kuposa wina uliwonse mu Canada, uli ndi anthu osakwana 200, ndipo amene akufuna kupitako amadzera ku Resolute pa ndege yaing'ono ya mtundu wa Twin Otter. Resolute ili pa 74.70 kumpoto ndi 94.83 kumadzulo, pamene Grise Fiord ili pa 76.42 kumpoto ndi 82.90 kumadzulo. Kusiyana kwa latitude ndi 1.72, omwe ndi makilomita 191. Kusiyana kwa longitude ndi madigiri 11.93, nambala yaikulu imene kuno kwathu ingatanthauze kudutsa dziko lonse la Zambia, ndipo munthu woiwala cos adzapeza kuti matauni awiriwa atalikirana makilomita 1,340. Koma cos ya 75.56 ndi 0.249 basi, choncho madigiri 11.93 aja ndi makilomita 331, ndipo mtunda weniweni ndi makilomita pafupifupi 382. Yankho lolakwika lija ndi lalikulu kuposa katatu, ndipo munthu wokonza ulendo, mafuta kapena ndalama potengera yankho loterolo angasochere kutali.

Chenjezo limodzi la kakyuleta ndi lofunika kwambiri. Onetsetsani kuti pamwamba pa galasi lake pakuoneka DEG kapena D, osati RAD kapena GRA. Njira yachidule yoyesera ndiyo kudina cos 60, ndipo yankho likakhala 0.5 ndiye kuti zili bwino. Likatuluka lina lililonse, sinthani kaye kakyuletayo musanapitirize. Makakyuleta a m'mafoni ambiri amaonetsa batani la cos pokhapokha mukagoneka foniyo cham'mbali, ndipo ena amayambira pa RAD.

Pamene njira imeneyi imathera

Njira ya katatu imene ndafotokozayi imaona kachigawo kakang'ono ka dziko ngati kafulati, ndipo imagwira bwino ntchito pa mitunda ya makilomita mazana angapo. Pa Resolute ndi Grise Fiord, njira yolondola kwambiri yotchedwa haversine, imene imawerengera kupindika kwa dziko pogwiritsa ntchito makilomita 6,371 monga mtunda wochokera pakati pa dziko kufika pamwamba pake, imapereka makilomita 381, kusiyana ndi yathu ndi kilomita imodzi yokha. Kuchoka ku Zomba kupita ku Karonga njira yathu imapereka makilomita pafupifupi 625, ndipo yankho limeneli n'lodalirikanso. Koma mukafuna mtunda wochoka ku Chileka kukafika ku Alaska, musaigwiritse ntchito, chifukwa pa mtunda wotere dziko silingaonedwenso ngati lafulati.

Pa mitunda italiitali pali njira ziwiri zosavuta. Yoyamba ndi ya Google Maps, imene pa kompyuta mumadina batani lakumanja la mausi pamalo oyamba, kusankha mawu akuti Measure distance, n'kudina pamalo achiwiri, ndipo pafoni mawu omwewo mumawapeza mukaika chizindikiro chofiira chija n'kutsegula tsatanetsatane wa malowo. Musadabwe kuona kuti mzere wake wapindika m'malo mowongoka, chifukwa njira yofupikitsitsa pa chinthu chozungulira imaoneka yokhota ikajambulidwa papepala lafulati. Yachiwiri ndi imene ndimaikonda kwambiri pophunzitsa, ndipo siifuna magetsi kapena bandulo. Tengani gulobu, mpira uja wojambulidwa mayiko umene umapezeka m'masukulu ena, kokani ulusi mwamphamvu kuchoka pamalo amodzi kufika pena, kenako ikani ulusiwo pa Ikweta muone kuti watenga madigiri angati, ndipo muchulukitse ndi 111.2. Mwana amene wachita zimenezi kamodzi ndi manja ake samaiwalanso chifukwa chimene ndege zochoka ku Ulaya kupita kumadzulo kwa America zimadzera pamwamba pa Greenland.

Chimene sindikulangizani n'kuika rula pamapu a dziko lonse opachika pakhoma. Ambiri mwa mapu amenewa amatsatira kajambulidwe kamene Gerardus Mercator anatulutsa mu 1569 pofuna kuthandiza amalinyero, ndipo kajambulidwe kameneka kamakokera mizere ya longitude kuti ikhale yotalikirana mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, choncho mayiko a kumpoto amafufuma. N'chifukwa chake Greenland imaoneka ngati ikulingana ndi Africa, pamene Africa ndi yaikulu kuiposa pafupifupi ka 14. Sikelo yolembedwa m'munsi mwa mapu otere imanena zoona pafupi ndi Ikweta pokha, ndipo mukaigwiritsa ntchito ku Alaska kapena ku Nunavut mubwereza cholakwa chomwe chija cha mdzukulu, ngakhale simunagwire kakyuleta.

Samalaninso pochotsera. Malo awiri akakhala mbali imodzi ya Ikweta mumachotsera latitude, koma ena akakhala kumpoto ena kumwera mumawonkhetsa. Longitude nayo ili chimodzimodzi ndi mzere wa Greenwich, ndipo yankho likapitirira 180 mulichotse ku 360. Nome ili pa 165.4 kumadzulo ndipo Anadyr ya ku Russia ili pa 177.5 kum'mawa, ndipo kuwonkhetsa kumapereka 342.9, koma kusiyana kwenikweni ndi madigiri 17.1 okha, chifukwa malo awiriwa ayang'anizana kutsidya ndi kutsidya kwa nyanja ya Bering.

Mamailosi ali mitundu iwiri

Funso la mayi lija linali ndi mbali inanso, yoti kodi mamailosi 184 ndi makilomita angati. Anthu wamba ku America amagwiritsa ntchito mailosi ya pamtunda, imene ndi makilomita 1.609, choncho 184 kuchulukitsa ndi 1.609 ndi 296, nambala yomwe ija tinapeza. Oyendetsa ndege ndi sitima zapamadzi amagwiritsa ntchito mailosi ina yaitali, ya panyanja, imene ndi mamita 1,852 ndendende ndipo imalingana pafupifupi ndi miniti imodzi ya latitude. Woyendetsa ndege angakuuzeni kuti Nome ndi Kotzebue zatalikirana mamailosi 160, namwino n'kunena 184, mphunzitsi wa ku Zomba n'kunena makilomita 296, ndipo onse atatu akunena mtunda umodzi. Mukaona zilembo za nm kapena NM pambali pa nambala, dziwani kuti ndi mailosi ya panyanja, ndipo liwiro likalembedwa mu knots ndiye kuti ndi mamailosi a panyanja pa ola. Canada imagwiritsa ntchito makilomita monga ife, kupatula m'nkhani za ndege zomwezi.

Musasokonezenso mtunda wa pandege ndi wa njira zapansi zimene mungawerenge m'mbiri ya malowa. Mu 1925, matenda a diphtheria atabuka ku Nome m'nyengo yozizira, mankhwala ananyamulidwa ndi magulu a agalu okoka ngolo zotsetsereka pa chipale chofewa kuchokera ku Nenana, ulendo wa mamailosi 674, omwe ndi makilomita pafupifupi 1,085. Nambala imeneyo ndi ya njira imene agaluwo anatsata m'mbali mwa mitsinje ndi gombe la nyanja, ndipo mtunda wolunjika pakati pa malo awiriwo ndi wofupika kuposa pamenepo.

Kuchoka pa mtunda kufika pa nthawi

Anthu ambiri akafunsa mtunda, chimene akufuna kudziwa ndi nthawi imene wachibale wawo akhale mumlengalenga. Gawani mtunda ndi liwiro la ndege. Ndege zazing'ono zimene zimatumikira midzi ya kumpoto, monga Cessna Caravan ndi Twin Otter, zimathamanga pafupifupi makilomita 300 pa ola, choncho makilomita 296 ndi ulendo wa pafupifupi ola limodzi. Pamenepo muwonjezere mphindi zingapo za kukwera, kutsika ndi kuzungulira poyandikira bwalo, chifukwa ndege siyamba ulendo ili kale paliwiro lake lonse, ndipo pa ulendo waufupi mphindi zimenezi zimaoneka kwambiri.

Mphepo imasintha nthawi ngakhale mtunda sunasinthe, monga momwe wopalasa bwato pa nyanja ya Chilwa kuchoka ku Kachulu kupita ku Chisi amadziwira kuti kupita ndi kubwera sikutenga nthawi yofanana tsiku la mphepo. Ndege ya makilomita 300 pa ola ikakumana ndi mphepo ya makilomita 50 pa ola yochokera kutsogolo, pansi imayenda makilomita 250 pa ola, ndipo ulendo uja umatenga mphindi 71. Pobwerera mphepo yomweyo ili kumbuyo, imayenda makilomita 350 pa ola ndipo imafika m'mphindi 51. Mukaona pa tikiti kuti ulendo wopita ndi wautali kuposa wobwerera, chimenechi chingakhale chifukwa chake.

Chifukwa china chingakhale mawotchi. Nthawi zolembedwa pa tikiti ndi za malo amene ndege ikunyamukira ndi amene ikukatera, aliwonse ndi wotchi yake. Nome ndi Kotzebue zili pa nthawi imodzi, koma Grise Fiord ili patsogolo pa Resolute ndi ola limodzi, choncho ulendo wopita kumeneko umaoneka papepala ngati watalika ndi ola lathunthu, ndipo wobwerera umaoneka ngati wafupika ndi ola lomwelo. Kumpoto kwenikweni zimenezi zimachitika kawirikawiri chifukwa mizere ya longitude yathithikana, ndipo ulendo waufupi ungadutse madigiri ambiri. Kwa amene mukudikira uthenga kuno kumudzi, kumbukirani kuti Malawi ili patsogolo pa Alaska ndi maola 11 m'miyezi yawo yozizira, ndi maola 10 m'miyezi yawo yotentha pamene iwo amasuntha mawotchi awo.

Mtunda wolunjika si ulendo wonse

Nambala imene mwapeza ndi yocheperetsetsa imene ndege ingauluke, ndipo ulendo weniweni ungakhale wautali. Midzi yaing'ono ya kumpoto nthawi zambiri siilumikizana yokhayokha, koma imadalira tauni imodzi yokulirapo kumene ndege zimanyamukira ndi kubwerera. Nome ndi Kotzebue, ngakhale iliyonse ili ndi anthu ongopitirira 3,000, ndi malikulu otere a midzi yambiri yowazungulira, ndipo munthu wochoka m'mudzi wina kupita mudzi woyandikana nawo angafunike kubwerera kaye ku likulu n'kukakweranso ndege ina. Ndege imodzi ingathenso kutera m'midzi iwiri kapena itatu isanafike kumene mukupita, kutsitsa makalata ndi katundu. Zikatero werengerani chigawo chilichonse pachokha n'kuwonkhetsa, monga momwe munthu wa ku Zomba amawerengera kaye ulendo wa pamsewu wopita ku Chileka asanayambe kunena za ndege. Kuti mudziwe kumene ndege idzatere panjira, funsani kampani imene ikugulitsa tikiti, pakuti safunsa anadya phula, ndipo kakyuleta singakuuzeni zimenezi.

Nyengo nayo ili ndi mphamvu kumeneko kuposa mmene tinazolowerera kuno. Mabwalo ambiri a m'midzi ndi a miyala ing'onoing'ono osati phula, chifunga ndi mphepo ya chipale chofewa zingatseke bwalo kwa masiku, ndipo ku Resolute dzuwa silituluka kuyambira mu Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale. Kumeneko ngakhale kampasi ya maginito siidalirika, choncho oyendetsa ndege amayeza mbali potengera kumpoto kwenikweni kwa dziko osati kumene singano ya kampasi ikuloza. Wachibale wanu akakuuzani kuti ulendo wa ola limodzi wamutengera masiku atatu, nthawi yambiri waithera pabwalo kudikira kuti kunja kuyere, ndipo ndi bwino kuti a kumudzi adziwiretu zimenezi kuti asamaganize zoopsa foni ikachedwa kulira.

Sitepe yomaliza ndiyo kusandutsa nambala ija kukhala chinthu chimene wofunsayo angachione m'maganizo, ndipo mumachita zimenezi pobwereza masamu omwewo ndi malo a kwathu mpaka mutapeza awiri otalikirana mofanana. Madzulo aja tinakhala pakhonde ndi mdzukulu uja, iye atagwira kakyuleta ine ndikuwerenga manambala mu atilasi, ndipo tinayesa Lilongwe n'kupeza makilomita pafupifupi 227 kuchoka ku Zomba, omwe anali ochepa. Kenako tinayesa Nkhotakota, imene ili pafupifupi pa 12.92 kumwera ndi 34.30 kum'mawa, ndipo mnyamatayo, atakumbukira cos yekha popanda womuuza, anapeza makilomita 295. Mayiwo analemba m'munsi mwa kapepala kaja kuti ulendo wa mwana wawo ndi ngati kuchoka ku Zomba kukafika ku Nkhotakota molunjika, pafupifupi ola limodzi kunja kukakhala koyera, ndipo anatiuza kuti adikira uthenga wake m'mamawa chifukwa kumeneko kudzakhala kukadali madzulo a dzulo lake.